Mnzake womutema ndi botolo wamukhululukira, koma bambo ake omubereka akuwakana

NaPhiri_Ulongue:
Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ndikusunga mwana wa malemu achemwali anga, mnyamata wa zaka 16. Amayi ake atamwalira anatsala ndi bambo ake ku Moatize, bambowo n'kukwatira mkazi wina. Chaka chatha m'nyumbamo munasowa 2,000 meticais, onse n'kuloza iye. Anamukwapula ndi lamba, n'kumuponyera zovala panja usiku. Mwana anayamba kugona kumsika, kumanyamulira anthu katundu, ndipo kachasu ndi chamba anaziphunzira komweko. Ine ndinachita kukamutenga. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndalama zija anaba ndi mlongo wake wa mkazi watsopanoyo.

Tsopano bambo aja akudwala, atumiza uthenga kuti mwana apite. Iye wakana kwamtuwagalu, akuti "ine bambo ndilibe." Koma chondizunguza mutu n'chakuti mwezi wathawu mnzake anamutema ndi botolo pamutu atakangana za foni, mpaka anakamusoka kuchipatala. Sabata isanathe ndinawapeza pamsika akudya chipisi m'mbale imodzi, akuseka. Womukhetsa magazi wakhululukidwa, womubereka ayi. Kodi ndi kuuma mtima, ndi chamba, kapena pali chimene ine sindikuchiona?

Mkamwini_Furancungo:
Chamba chimenecho, mayi, musavutike n'kufufuza. Mwana wokana bambo ake ali pamphasa akudziitanira minyama yekha.

ChapaZobue:
Achimwene a ku Furancungo, ndiye chamba chimasankha womukhululukira? Bwanji sichinamuuze kuti adane ndi wa botolo uja?

Mayi_wa_Chigwirizano:
Mupemphereni mwanayo, achemwali. Mawu a Mulungu amati tikhululuke osawerengera. Khalani naye pansi madzulo, mumuwerengere nkhani ya mwana wolowerera, mtima wake ufewa. Mawa bambo akapita osaonana, amene adzalire moyo wake wonse ndi iyeyo.

Katekisita_Lifidzi:
Amayi, pempherolo ndikugwirizana nalo, koma nkhani ya mwana wolowerera musaiike pamenepa. Uja anachoka yekha, anawononga yekha, ndipo atabwerera amene anathamanga kukamuchingamira ndi bambo ake. Uyu sanachoke, anachotsedwa. Ife makolo pa Aefeso 6 timakonda vesi yoyamba, yoti ana amvere, n'kutseka buku. Tikanapitirira mpaka vesi 4 tikanapeza kuti bambo nayenso wauzidwa kuti asapsetse mtima ana ake.

MphunzitsiAngonia:
Mayi NaPhiri, zimene mwafotokozazi ife kusukulu timaziona kawirikawiri. Anyamata awiri amenyana pabwalo la mpira mpaka dzino kuguluka, mawa lake muwapeza akubwerekana cholembera. Koma mwana yemweyo, mphunzitsi akamutchula wakuba pamaso pa anzake pa chinthu chimene sanabe, adzamaliza kalasi 12 asanamupatsenso moni.

Ndi mnzake uja anali ofanana mphamvu. Anamenyedwa, iyenso anaponyako chibakera, anatukwanizana, mkwiyo wonse unatuluka usiku womwewo. Kwa bambo ake analibe pobwezera, analibenso kokadandaula, chifukwa amene akanamuteteza ndi yemweyo anagwira lamba. Ndiponso bala la botolo aliyense analiona, palibe amene anatsutsa kuti mwana walakwiridwa. Nanga za kunamiziridwa kuba zija, alipo m'nyumba ya ku Moatize amene anatulutsa mawu akuti "mwana uja sanabe"? Ngati palibe, kwa iye mlandu ukadali pamutu pake mpaka lero. Mukamuuza kuti akhululuke, iye akumva ngati mukumuuza kuti avomere.

Ndikufunseni ziwiri. Mnzakeyo anapepesa? Ndipo uthenga wa bambowo unati chiyani ndendende?

NaPhiri_Ulongue:
Aphunzitsi, mnzake uja anabwera m'mawa mwake ndi amayi ake, anagwada pakhonde, foni anabweza, amayi akewo anasiya ndalama ya mankhwala. Uthenga wa bambo unabwera ndi mng'ono wawo pafoni. Anati: "Mwana abwere adzapepese chifukwa chothawa pakhomo, ife tinamukhululukira kale."

ChapaZobue:
Eee! Wothamangitsidwa ndiye akapepese? Mayi, mukanayamba ndi zimenezi tikanamaliza kale nkhaniyi.

Mkamwini_Furancungo:
Bambo ndi bambo basi. Ife anatikwapula kangati osalakwa? Tinafa?

Mngoni_wa_Tsangano:
Anyamata, musathamange. Kwathu kuno bambo sagwadira mwana, ndipo mukadikira kuti munthu wamkulu atulutse mawu akuti "pepa mwananga" mudikira mpaka kumanda. Koma sikuti akuluakulu analibe njira. Bambo akazindikira kuti analakwa amatuma mbale wake, osati pafoni ayi, koma ndi miyendo, atanyamula nkhuku. Wotumidwayo amakhala pansi ndi a kuchikazi n'kunena kuti "kunyumba kuja zinthu sizinayende bwino, tabwera kudzatenga mwana wathu." Aliyense wakhala pamenepo amamva tanthauzo lake. Nkhuku ija ikadyedwa, nkhani yatha. Vuto la a ku Moatize si kusagwada ayi, koma afuna kutenga mwana motchipa, ndi mayunitsi a foni.

Dalitso_wa_Matundo:
Agogo, ndi ulemu wonse, nkhuku imeneyo amadya ndi akuluakulu. Mwana amangouzidwa kuti zatha. Ife a masiku ano tikufuna timve ndi makutu athu.

Mngoni_wa_Tsangano:
Mwana amapatsidwa chiwalo chake, mdzukulu wanga, ndipo amadya anthu akuona. Kudya kwakeko ndiye yankho lake. Akakana kudya, akuluakulu amadziwa kuti nkhani sinathe.

Wobwerera93:
Ine ndilankhuleko monga munthu amene anaona nkhondo. Tinathawira ku Dedza, ndipo mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, tinayamba kubwerera chaka chotsatira. M'midzi munabweranso anyamata amene anatengedwa ndi asilikali akadali ana. Ena mwa iwo anaotcha nyumba za anthu a m'dera lawo lomwe. Akuluakulu sanawaike pabwalo. Anawasambitsa mankhwala, zovala zimene anabwera nazo anazitentha, n'kulamula kuti za kutchire zisatchulidwenso. Anthu ambiri anawalandira, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mwana wa zaka 13 akamuloza ndi mfuti alibe chosankha.

Koma panali ena amene sanakhululukidwe mpaka analowa m'manda: akuluakulu a m'mudzi momwemo amene ankalozera asilikali nyumba za anzawo, chifukwa cha mkangano wa munda kapena wa mkazi. Ameneyo sanagwire mfuti, sanakhetse magazi ndi dzanja lake, koma pamaliro ake anthu ankabwera ochepa. Ndiye za mwana wanuyu ine sizikundidabwitsa. Munthu sayeza kukula kwa bala. Amayang'ana kuti wandichita zimenezi ndani, ndipo anali ndi mpata wochita mwina kapena ayi.

Dalitso_wa_Matundo:
Bambo Wobwerera, koma kumene kuja kunali kukhululuka kapena kungotsekana pakamwa? Boma linapereka chikhululukiro kwa onse mu 1992, palibe amene anafunsidwa kanthu, palibe bwalo limene linamva madandaulo a anthu. Agogo anga mpaka lero akamva dzina la munthu wina wake amalavula pansi.

Wobwerera93:
Zonse ziwiri, mwana wanga. Tinali ndi minda yoti tilime, madenga oti tifolere, chitsime chimodzi. Ukamatunga madzi pamodzi ndi munthu tsiku lililonse, umasankha kukhala chete. Kwa ena chete uja anasanduka kukhululuka zaka zitapita. Kwa ena anangokhala chete.

KachewereBoy:
Ndakhala ndikuwerenga osayankha, koma apa ndiyenera kulankhula chifukwa mwana ameneyu ndine ndemwe zaka zapitazo. Bambo atamwalira, amalume ananditenga ndili wamng'ono n'kukandisiya kwa munthu wina wa ng'ombe cha ku Domue kuti ndiziweta. Pangano linali lakuti pakutha pa nthawi ndidzalandira ng'ombe yaikazi. Mwini ng'ombe uja ankandimenya zikalowa m'munda mwa eni, ndinkagona m'khitchini, m'nyengo yozizira ya June ndi July ndili ndi thumba lokha lofunda. Nthawi itakwana ng'ombe anaperekadi, koma anapereka kwa amalume, iwo n'kuigulitsa. Ine sindinaone ngakhale nsapato.

Nditabwerera kumudzi ndinali wovuta, sindikana. Nkhuku za anthu, mbuzi, fodya wa m'chigafa, zonse ndinkanyamula. Akuluakulu anandikhazika pansi kuti ndikhululukire amalume. Ndinati ndakhululuka. Ndikanati chiyani, poti nsima ndinkadya kwa iwo omwewo? Pakamwa ndinakhululuka, usiku ndinkaganiza zowaotchera nkhokwe.

Mwini ng'ombe uja ndinamukhululukira kalekale osavutika. Sanali mbale wanga, sanandilonjeze chikondi, ndipo zimene analonjeza anapereka. Za amalume zinandichoka mumtima nditayamba kulima kachewere wanga ku Tsangano, nditagula njinga yamoto, nditamanga nyumba yanga. Tsiku lina anabwera kudzapempha thumba la feteleza, ndinawapatsa, ndipo ndinaona kuti mtima sukugundanso ngati kale. Palibe m'busa kapena mfumu amene anandichititsa zimenezo. Kungoti sakanathanso kundichita kanthu.

Ndiye mayi NaPhiri, mwanayo funso lake lenileni si lakuti ndikhululuke kapena ayi. Akudzifunsa kuti ndikapita ku Moatize, ndikabwerako? Kapena azakhali atopa nane, apeza njira yondibwezera kumene ndinachoka? Muuzeni momveka kuti kwanuko ndi kwawo, kaya apite kaya asapite. Mukatero mwina mudzaona kusintha.

MphunzitsiAngonia:
KachewereBoy wanena zimene ine ndinalephera kuzifotokoza. Mwana amene alibe pogona pena, "ndakhululuka" wake musamuwerengere.

Mkamwini_Furancungo:
Ndiye tidikire mwana aliyense agule njinga yamoto kaye kuti alemekeze makolo? Bambowo akudwala lero, osati zaka khumi zikubwerazo.

ChapaZobue:
Koma abale tinene zoona, ogulitsa kachasu kwa ana ndi amene atiwonongera dziko. Pa siteji iliyonse kuyambira Zobue mpaka Moatize mupeza kamnyamata ka zaka 12 kali ndi kabotolo m'thumba. Wogulitsayo ndi mayi woti ali ndi ana akeake.

MaiGeni_Calomue:
Musatiyambe ife a geni. Amene amatuma ana kukagula mowa ndi azibambo anu omwewo. Ndiye mwana ukamutuma kasanu, kachisanu ndi chimodzi alawa. Komanso mayi wotcheza kachasu uja akulipirira ana sukulu ndi ndalama yomweyo, feteleza mwaona mtengo wake chaka chino? Kwacha nayo yagwa, a ku Dedza akabwera kudzagula zinthu timangokangana za chenje.

KachewereBoy:
Feteleza musanene, mayi. Ulimi wa kachewere wopanda feteleza ndi mankhwala opopera ndi kungotaya mbewu.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, za feteleza ndi kwacha zili ndi malo ake. Tibwerere kwa mwana wa mayi NaPhiri.

Anachisale_Macanga:
Ine ndikufuna ndifunse, bwanji nkhani ya kukhululuka imagwera ana okhaokha, makamaka atsikana? Kwathu kuno mtsikana wina wa zaka 15 anapatsidwa mimba ndi mwamuna wa azakhali ake amene ankamusunga. Banja linakhala pansi, mwamuna uja anapereka mbuzi ndi ndalama pang'ono, n'kuuza mwana kuti akhululuke, asapasule banja la azakhali ake. Sukulu anasiya. Lero ndi amene akutchedwa wamwano chifukwa mwamuna uja akalowa m'nyumba iye amatuluka. Anayamba kumwa, amagona m'mabala a ku Furancungo, anthu akuti ndi wosamva. Koma mnyamata wa msinkhu wake amene anamukana poyamba n'kumunyoza pagulu, amacheza naye bwinobwino. Iye amati "uja anali mwana mnzanga, amaopa." Zofanana ndendende ndi za botolozi.

Namwino_Tete:
Achemwali a ku Macanga, imeneyo si nkhani ya mbuzi. Ndi mlandu wa kupolisi. Ku polisi kuli Gabinete de Atendimento yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndipo pali nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, imene mwana mwiniwake kapena munthu wina aliyense angathe kuimba. Kuyambira 2019 tilinso ndi lamulo nambala 19/2019 loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limagwira ngakhale makolo ndi akuluakulu amene akonza ukwatiwo. Za sukulu nazonso zinasintha: lamulo la 2003 lija lotumiza atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku linathetsedwa mu 2018, ndiye palibe chifukwa choti mwana asiyire maphunziro.

Ife kuchipatala timalandira ana otere atamwa mankhwala a makoswe kapena a m'munda. Ukafunsa bwino upeza kuti "anakhululuka" pamaso pa banja mwezi wapitawo. Mwana amene akukhala nyumba imodzi ndi womuchitira zoipa, musamufunse za kukhululuka. Muchotseni kaye pamenepo. Zina zonse zibwera pambuyo, ndipo mwina sizibwera, umenewonso ndi ufulu wake.

Wabwalo_Chifunde:
Anamwino anena zoona, milandu yogwirira ana si ya bwalo la m'mudzi, ndipo ife tikaimva timaitumiza ku polisi. Koma musanyoze bwalo pa zonse. Mabwalo a m'madera anakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1992 kuti aziyanjanitsa anthu pa nkhani zing'onozing'ono, ndipo kuba nkhuku, ndewu za anyamata, kutukwanizana, zimatha bwino kwathu kuno kusiyana ndi kukatsekera mwana. Mwana wosakwana zaka 16 lamulo silimuweruza ngati wamkulu n'komwe.

Chimene ine chimandiwawa n'china. Mwatembenuza nkhani kuti ana akhululukire akulu, koma taonaninso mmene akulu amakhululukira ana. Anyamata awiri aba mbuzi limodzi. Wina ali ndi amalume olima fodya, abwera, alipira chindapusa, anthu akuti "ndi ubwana, akula." Winayo ndi wamasiye, palibe womuimira, dzina lakuti wakuba limukhalira mpaka kalekale. Mbuzi ikadzasowanso ngakhale iye ali ku migodi ya golide, oyamba kutchulidwa ndi iyeyo. Ndiye mwana amene sanakhululukidwepo chinthu chiyambire, mukufuna akhululuke ataphunzira kuti?

Mayi_wa_Chigwirizano:
Zonsezi ndamva, koma ine ndikuopa imfa. Ndinaona mtsikana wina amene anakana kukaona amayi ake kuchipatala chifukwa anamusiya ali khanda n'kupita ku Beira ndi mwamuna. Amayiwo anamwalira. Lero mtsikana uja ndi mayi wa ana atatu koma akayamba kulira palibe womutonthoza. Chakukhosi chimadya mwini wake. Sindikunena kuti bambowo ali bwino ayi, ndikunena kuti mwanayo apatsidwe mpata woona nkhope yawo akadali moyo.

KachewereBoy:
Mayi, kukaona wodwala ndi kukapepesa ndi zinthu ziwiri. Choyambacho angathe, ngati azakhali ake apita naye n'kubwerera naye tsiku lomwelo kapena mawa lake. Chachiwiricho ayi. Mukamukweza chapa (minibasi) mokakamiza, adzatsikira pa Zobue n'kusowa, ndipo ulendo uno simudzamupeza kumsika wa Moatize.

Dalitso_wa_Matundo:
Ndipo mlamu wakuba uja ali kuti? Akadali pakhomo pomwepo?

NaPhiri_Ulongue:
Ali pomwepo, amagona m'chipinda chimene chinali cha mwanayu. Dzulo ndinayesa zimene ananena KachewereBoy, ndinamuuza kuti pano ndi pakwawo, palibe amene adzamuchotse. Sanayankhe, anangopitiriza kusenda chimanga. Kenako anafunsa kuti, "Kodi akudwala chiyani?" Aka n'koyamba kufunsa za bambo ake chibwerereni kuno. Za kupita sanatchule, inenso sindinamufunse.

Mkamwini_Furancungo:
Mwaona? Magazi ndi magazi. Mukwezeni chapa mawa.

MphunzitsiAngonia:
Ayi, achimwene, kufunsa matenda si kuvomera ulendo. Mayi NaPhiri, muyankheni zoona zokhazokha za matendawo, musakuze kuti mumuopseze, chifukwa akadzazindikira kuti munamunamiza mudzalowa gulu limodzi ndi a ku Moatize. Ndipo kasukulu mwamulembetsa? Mwana wongokhala pakhomo tsiku lonse alibe china choganiza koma chomwecho.

Mngoni_wa_Tsangano:
Mayi, inu simuyenera kusenza nkhaniyi nokha. Malemu achemwali anu analibe mlongo wamwamuna? Inu Achewa mwini mbumba ndi malume. Iyeyo aimbire mng'ono wa bamboyo, amuuze kuti uthenga wa pafoni taumva koma sitinaulandire. Ngati akufuna mwana, abwere ku Ulongue, akhale pamphasa, anene pamaso pa mwanayo kuti ndalama zija anatenga ndi uje. Dzina litchulidwe. Akakana kutchula dzina, ndiye kuti akusungabe ulemu wa mlamu kuposa wa mwana wawo, ndipo inu musamutumize.

Dalitso_wa_Matundo:
Agogo, apa ndiye tagwirizana. Dzina litchulidwe, nkhuku ibwere pambuyo.

Wabwalo_Chifunde:
Ndipo mkazi watsopanoyo asasiyidwe kunja kwa nkhaniyi. Akapanda kuvomera iyeyo, bambo akangotseka maso mwanayo sadzaloledwa ngakhale kulowa m'nyumba ya maliro, za katundu wa bambo ake osanena. Zoterezi ndaziweruza zambiri.

NaPhiri_Ulongue:
Amalume ake alipo, ali ku Domue, ndiwaimbira madzulo ano. Za sukulu ndinapita, akuti adikire chaka chikayamba chifukwa makalata ake anatsala ku Moatize. Koma mng'ono wa bambowo ndikumudziwa, adzanena kuti alibe ndalama ya chapa.

ChapaZobue:
Akanena zimenezo mundiuze tsiku, ndidzamunyamula ulere kuchokera ku Moatize, ndikamusiya m'manja mwa mnzanga wopita ku Ulongue. Koma yobwerera adzalipira yekha.